Kameliya wa ku Kalongwezi

Nyumba ya boma tinabweza Lachisanu.
Pa lole panakwera mabedi, mbaula,
ndi iwe, mizu yako m'saka lonyowa
pamodzi ndi dothi lakwanu.

Kuno ku Mchini katondo ngouma mtima.
Ndinakumba kuseri, pomwe mthunzi wa mango
umagwa dzuwa likakalipa pa Kanjala.
Sindinakuzamitse; malemu Tilyenji ankati
khosi la mtengo silikwiriridwa.
Phulusa ayi. Madzi a mvula okha,
a mumgolo, theka la ndowa m'mamawa.

Sabata yachitatu wayoyola maluwa asanamasule.
Aneba akuti wafa,
ndizule, ndibzalepo repu.

Ndakanda khungwa lako ndi chikhadabo:
m'kati mukadali mobiriwira.
Usafulumire.
Nanenso tulo sitinandizolowere kuno.