Chitseko cha Kumanja

Bambo anga, a Bogumił, makutu anawasiya padoko la ku Gdańsk.
Zaka makumi atatu ndi zinayi akumenya zitsulo za sitima,
nyundo inkawadya pang'onopang'ono mpaka inamaliza.
Lero ukamalankhula amayang'ana milomo.
Koma besi amaimva, amatero iwo,
imalowera m'nthiti.

Lachisanu ndinawerenga za m'chikwama:
mazloti mazana atatu, a mafuta osakhudza.
Mnyamata wa m'sitolo ya ku Wrzeszcz anamwetulira mwaulemu,
nandilozera chibokosi chodula kuposa Škoda yanga yonse,
matayala ndi ngongole zake zomwe.
Ndinathokoza, ndinatuluka.

Wailesi ndi yomwe ija inabwera ndi galimoto.
Ukati ukweze besi, chitseko chimangoti gobedegobede
ngati chitini chotsala misomali iwiri.

Loweruka m'galaja ya mayi Leokadia,
mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi,
ndinakanganula chikuto cha chitseko ndi mpeni wa batala.
Timapulasitiki titatu tinathyoka. Ndinatukwana chamumtima.
Mkati munali mabowo, chitsulo chopyapyala,
ndi lisiti ya mafuta ya mwini wake woyamba.
Ndinamata mabowowo ndi tepi ya phula ya padenga,
ndikuifewetsa ndi makina oumitsira tsitsi,
zala zikukakamirana.
Poyamba ndikagogoda chinkati ngwe.
Tsopano chinati di.

Kenako ndinaona.
Sipika ya kumanja wina anailumikiza mosemphanitsa,
waya wa uku anapita uko.
Zaka zonsezi ina ikukankha, ina ikukoka,
ziwiri m'galimoto imodzi, kufafanizirana mawu,
ngati ine ndi mchimwene wanga Przemek
tikayamba ya kumene bambo azikhala.
Ndinatembenuza mawayawo.
Zimenezo sizinadye ndalama.

Ndalama zinapita ku Tczew,
kwa mkulu wina yemwe mkazi wake anali woyembekezera
ndipo phokoso analiletsa kale.
Anandigulitsa kabokosi kaphwatalala kolowa pansi pa mpando,
ampulifaya ili mkati momwemo, pakona pokalika.
Waya ndinaukwawitsa pansi pa kapeti,
fyuzi pafupi ndi batire, monga anandiuzira kawiri konse
ndili kale pageti.
Kabatani ka besi sindinakafikitse kumapeto.
Ukakakakamiza kamayamba kunama.

Lamlungu pochokera ku Misa
anakhala kumanja kwanga, chipewa pabondo, fungo la sopo wometera.
Sindinawauze kanthu.
Ndinaika chimbale chimene chinakhala zaka m'kabati ya malemu mayi,
cha gulu la malipenga la anthu apadoko,
chojambulidwa m'holo ina yozizira, wina akutsokomola kumbuyo.
Timalipenga tating'ono tinapita kumene timapita,
kumene iwo safikako.
Ndiye chilipenga chachikulu chinalowa,
chikuyenda pansi pa mpando ngati munthu wonyamula katundu pamasitepe.

Anaika chikhato pachitseko.
Tinaima pamaloboti ofiira, makako a padoko ali njo m'chifunga,
ine maso patsogolo, kuopa kuyang'ana.
Maloboti anasintha. Wa kumbuyo anaimba hutala.
Iyonso sanaimve.

"Bwezera," anatero, mokweza monga alankhulira masiku ano.
Ndinabwezera.
Chala chawo chinayamba kugunda pa chikuto chija ndinathyola,
kenako chinadikira, kenako chinagundanso.
"Ameneyu ndi Alojzy.
Wamva? Wachedwa.
Ankachedwa choncho nthawi zonse, ngakhale kuntchito."
Anaseka mpaka kupukuta m'maso ndi chipewa.

Panatsala mazloti khumi ndi awiri.
Tinagula madonasi anayi, awiri a Przemek,
amene sindinamuimbire foni kuyambira Novembala.
Nambala ya kumbuyo ikunjenjemerabe, zoona,
ndiipanikiza ndi kasiponji sabata yamawa.
Tinazungulira njira yaitali ya ku Brzeźno,
chikhato chawo chili pomwepo,
Alojzy akuchedwa pansi pa mpando.