Sitolo Yopanda Chitseko

Zaka makumi anayi ndakhala pa Cerro Cordillera,
pamwamba pa makwerero otha mpweya,
ndikulunga nthiti za maambulera
zothyoledwa ndi mphepo ya kudoko la Valparaíso.
Chikwangwani ndinachipenta ndekha:
Eleuterio Quilodrán, Wokonza Maambulera.
Mchere wa m'nyanja unadya chilembo choyamba,
ine n'kuchisiya choncho,
poti ondifuna ankandidziwa.

Koma ondidziwawo anayamba kupunguka.
Ena anasamukira kumanda a ku Playa Ancha,
ena mawondo anawakaniza chitunda.
Achinyamata amagula ya mtengo wa buledi pamsewu,
ikathyoka, ponyu! m'bini.

Ndiye anabwera Rayén, mwana wa mlongo wanga,
kompyuta kukhwapa, tsitsi lili chonyowa,
nati, Amalume, tikumangireni sitolo ina.
Ndinati, njerwa zili kuti?
Anangokankhira pulayala ndi mawaya pambali.

Tinayamba ndi dzina.
Langa linali litatengedwa kale
ndi loya wina wa ku Temuco,
munthu woti sindinamuonepo, sindinamulakwirepo.
Tinawonjezera mawu akuti ambulera kumapeto,
ndipo ndinalipira lendi ya chaka chonse
ya nyumba yosadontha, yosaoneka,
yoti ngakhale mphaka wanga sangagonemo.

Mawu achinsinsi? anafunsa.
Ndinatchula Herminda ndi chaka chimene tinakwatirana.
Anati n'ngosavuta kuba.
Ndinati imfa inaba kale, enawo atsala ndi chiyani?
Analemba osayankha.

Anajambula zigwiriro za mtengo, za nyanga,
nsalu zakuda zolendewera ngati mileme kudenga.
Nditati ndikasambe m'manja, anandigwira dzanja:
ayi, girisiyo ndi amene tikugulitsa.
Penapake panalembedwa kuti Za Ife.
Ife ndani? Ndili ndekha muno.
Anasintha: Za Ine.
Ndinachita manyazi ngati wavula malaya pagulu.

Kenako anadina batani.
Basi, mwatsegula, anatero.
Panalibe riboni, panalibe wansembe wowaza madzi.
Kunja sitima inalira, koma inali pa zake.

Sabata yoyamba, zii.
Yachiwiri, kanambala kanati alendo asanu ndi awiri.
Asanu ndinali ine ndemwe,
kusuzumira usiku ngati webusaitiyo ikadalipo,
mmene ndinkasuzumirira mwana wakhanda ngati akupuma.
Kuona maso a nkhono n'kudekha,
koma nkhono ya pa intaneti ilibe n'chigoba chomwe
choti n'kugogoda.

Lachinayi lina mu Julaye, foni inanjenjemera m'thumba.
Clorinda Oyarzún, wa ku Valdivia,
kumene mvula imagwa ngati ili ndi ngongole.
Ambulera ya malemu amuna anga, analemba,
nthiti zitatu zathyoka.
Onse akuti ndigule ina.
Ndaona manja anu.

Inabwera pa basi ya usiku, yokulungidwa m'thawulo.
Chigwiriro chinali ndi kadzenje kosalala
pamene chala chachikulu cha mwini wake
chinakhala zaka zambirimbiri.
Nthiti ndinasintha, kasupulingi ndinathira mafuta,
nsalu ndinaisoka ndi ulusi wa phula.
Kadzenjeko sindinakakhudze.
Ndinangoikapo chala changa kamodzi,
sichinakwane.

Tsopano mapaketi amabwera awiri, nthawi zina anayi pamwezi,
kuchokera m'matauni oti ndimayamba ndawafuna pamapu.
Wina anandifunsa ngati ndimakonza matenti.
Wina anadandaula za mtengo wa positi
m'zilembo zazikulu zokhazokha.
Walira mvula walira matope.

Sindinalemere.
M'mawa ndimasesabe pakhomo la sitolo yakaleyi,
ndipo ndinamufunsa Rayén kuti inayo amaisesa bwanji.
Akuti kumangoyankha anthu msanga.

Dzulo ndinaona dzina langa pafoni,
lathunthu, chilembo choyamba chili mbee.
Ndatsika kukagula penti yoyera, kachitini kakang'ono.
Mvula ikakata, ndikwera pampando.