Oyilo Amawerenganso Miyezi

Gelevaziyo anandisiyira galimoto ya dizilo
yotuwa ngati phulusa la dzulo,
ndi kabuku kofiira m'kabokosi ka kutsogolo
momwe ankalemba ndi pensulo
tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo ndi mtengo wake.
Mzere wotsiriza ndi wa Epulo,
mwezi umene miyendo yake inayamba kutupa.

Ine sindipita nayo kutali.
Lamulungu ku Misa, Lachitatu kukagula kachewere,
kumaliro akakhala a pafupi.
Kuchoka pakhomo panga kufika pa banki ya pa Boma
injini isanafunde n'komwe, ndazimitsa kale.
Ndinkati ndikuisunga.
Ndinkati chosagwira ntchito sichikutha.

M'mawa wina wa Juni,
nkhungu itameza phiri la Dedza ndi mapaini ake omwe,
ndinapotoza kiyi.
Inatsokomola katatu, n'kulavula utsi woyera,
n'kungoti zii
ngati wodwala amene watembenukira kukhoma.

Likisoni anabwera pa njinga, masipanala akulira m'thumba,
mwana amene ndinamulandira ndi manja angawa
usiku wina magetsi atazima kuchipatala.
Anasolola kachitsulo koyezera,
n'kupaka oyilo pachala, n'kununkhiza.
“Amayi, ameneyu ndi wa liti?”
Ndinatsegula kabuku monyadira:
“Taona, sinayende ngakhale makilomita zikwi ziwiri.”
Iye anayang'ana tsiku, nambala n'kuisiya.

“Oyilo sawerenga msewu wokha,
amawerenganso miyezi.
Chisanu cha kuno chimalowa ngakhale mwatseka chitseko.
Thanki ikakhala theka imachita thukuta m'kati,
madziwo n'kutsikira pansi kukadikira sefa.
Timaulendo tanu ta pafupiti timangosiya mwaye.
Lamba amauma ali chikhalire,
matayala amang'aluka m'mbali mapazi ake akadali atsopano.”
Atatsegula sefa ya mpweya anapezamo makoko a chimanga
ndi ubweya wa bulangete langa lakale.
“Muli ndi alendi,” anatero, “osalipira.”

Atanditchulira mtengo ndinagwira pakamwa.
Ndalama zonsezo pa galimoto yoti sinayende?
Likisoni anapukuta manja pa kansanza, akuseka:
“Si inu munkakalipira mayi anga akajomba kusikelo?
Munkati mwana wonenepa naye amakwera sikelo,
katemera sadikira chikuku.”

Ndinasowa poyankha.
Zaka makumi atatu ndinawalalikira mawu amenewo
nditavala zoyera, chidindo m'manja.

Tsopano tinapangana:
mvula yoyamba ikanunkhira, oyilo watsopano;
chisanu chikayamba kuluma makutu, watsopanonso,
ngakhale nambala ija itangosuntha pang'ono.
Sefa ya dizilo kamodzi pachaka.
Thanki izigona yokhuta.
Kiyi ndikapotoza ndizidikira kanyali kaja kazime,
osathamanga ngati ndikuthawa ngongole.
Ndipo Loweruka lililonse lachiwiri
ndizipita nayo mpaka pa Lizulu,
ikwere zitunda, itenthe, itulutse zam'chifuwa.

Ulendo woyamba ndinabwerako ndi kabichi zisanu
zomwe sindinazifune,
ndi tomato wodzadza beseni la munthu wina.
Pokwera chitunda cha Bembeke injini inasintha mawu,
inayamba kung'ung'udza ngati mwini wake
pamene ankameta ndevu Lamulungu m'mawa.
Ndinatsitsa galasi kuti mphepo indipatse chifukwa
chopukutira m'maso.

Madzulo ndinalemba m'kabuku muja,
pansi pa pensulo yake, ndi cholembera changa chabuluu.
Zilembo zake zimapendekera kumanja,
zanga zimaima chilili ngati odwala pamzere.

Pobwezera kabuku ndinakhudza kena kansi kwake:
kabuku kanga ka kuchipatala,
kopindika ngodya, konunkha dizilo.
Chidindo chomaliza choyeza kuthamanga kwa magazi
n'cha Epulo yemwe uja.

Palibe pamene pakundiwawa.
Lolemba ndidzadzuka m'mamawa,
ndidzadikira kanyali kazime,
ndikakhale pa benchi limene ndinkaliona ndili mbali inayo.