Mavoliti Khumi ndi Awiri

Ndawoloka Lingadzi mame asanaume,
chikwama cha zida chikundimenya m'chiuno.
Kuchoka ku Mtandire kufika ku Eriya 47
ndi mtunda wa ndudu imodzi,
koma mlonda wandilembetsa dzina pageti
ngati ndikudutsa malire a dziko.

Mayi Kachiwanda akufuna nyali khumi ndi zinayi.
Zina m'mbali mwa njira, zina pansi pa kanjedza,
ziwiri ziyang'ane khoma lopanda kanthu.
"Zonse ziziyakira pafoni," atero,
"pamodzi ndi pampu ya dziwe losambiramo."

Bokosi lili kuseri, pafupi ndi zigubu za kolorini.
Ndazimitsa buleka. Ndayesa ndi tesita.
Ndayesanso.
Chala changa chamkombaphala
chinaphunzira kale ku Biwi
kuti waya sapepesa.

M'kati muli tizitseko ta moto, marile:
lina la pampu, lina lotenthetsa madzi,
lachinayi langokhala ngati mpando wa mlendo.
Limenelo ndi langa.
Moto waukulu ulowe apa, utulukire apo,
upite ku thiransifoma akaunyengerere,
ulowe mkango, utuluke mphaka.
Koma awiriwa asadzayende m'paipi imodzi,
azilambalalana ngati mkamwini ndi apongozi.

Lufeyo akucheka ngalande m'kapinga,
pang'onopang'ono, monga wodula keke ya ukwati wa eni.
"Mavoti angati kodi, amisiri?"
"Mavoliti, iwe. Mavoti amawerenga ndi ena."
Waseka, khasu lathawa,
laboola paipi yothirira maluwa.
Theka la ola tikumanga ndi mphira,
galu akutiyang'ana ngati akaneneza.

Ndayatsa koyamba dzuwa lili paliwombo.
Ya pafupi ikuwala bwino,
koma ya kumapeto, pansi pa jakaranda,
ikusinza ngati nkhuku ya chitopa.
Moto umatopa panjira.
Waya akatalika, akaonda,
wakumapeto amalandira makombo.
Izi sanachite kundiphunzitsa kusukulu:
mpopi wa kwathu umayamba kudontha
ena onse atasamba kale.

Ndazula. Ndaika waya wonenepa,
ndagawa mzere pawiri,
mfundo iliyonse ndaimata
kuopa mvula ya Januwale ndi mano a mbewa.
Lufeyo wabwezera kapinga, wapondaponda.
Palibe adzadziwe kuti tinagwada pano.

Mdima utayamba, mayi atuluka ndi foni,
akhudza galasi ndi nsonga ya chikhadabo.
Tha! m'bokosi muja.
Kanjedza wavala ndolo,
njira yadzilemba yokha mpaka pakhonde,
madzi a m'dziwe ayamba kubwerezabwereza zonse
ngati mwana wophunzira kulankhula.
Sindinama, ndameza mate.
Ntchito ya manja anga ndi yokongola.

"Theka lero, theka Lachisanu."
Ndavomera. Lachisanu ndimalidziwa,
lili ndi miyendo yayitali.

Kunyumba mayunitsi anatha dzana.
Ndaziona wagona chafufumimba pamkeka,
kope la masamu pansi pa kandulo wotsala ngati dzino.
Ndapisa m'thumba:
waya wotsala, mikono iwiri,
ndi nyali ija inang'aluka galasi
imene mayi anati titaye.
Batire ya njinga yamoto ya malemu achimwene
ikadali pansi pa bedi.
Khumi ndi awiri nayonso.

Wofiira uku, wakuda uku.
Palibe foni, palibe rile,
ndangopota ndi zala.

Denga lathu laoneka dzimbiri lake lonse,
ndi kangaude amene sitinkamudziwa.
Ndaziona waphethira, wakokera kope pafupi,
kenaka, osadzutsa mutu:

"Ababa, kumene munali kuja,
pansi pa kanjedzapo amawerengapo ndani?"

Ndikusenda waya wina ndi mano.
Ndalavula kachikopa.
Ndamuuza amalize nambala seveni
batire isanagone.