Dzina Lofiira

Lolemba m'mawa, tiyi asanazizire,
kompyuta yandilavulira mayina khumi ndi atatu.
Lachisanu ndi chiwiri lalembedwa mofiira:
Tsungai Marufu, chaka chachiwiri, zowerengera chuma.

Makinawa amawerenga mapazi.
Akuti khadi lake silinagunde chitseko cha laibulale
masabata atatu tsopano,
akuti ntchito amatumiza thuu koloko usiku,
akuti pofika Juni sitidzamuonanso.
Chaka chatha ndinkawada.
Lero ndimawamvera ngati bingu, n'kukaanula zovala.

Ndamuitana. Wabwera nsapato zili mbuu fumbi la ku Epworth,
chikwama atachikumbatira pachifuwa.
"Ndalakwanji, mayi?"

Thuu koloko ija ndi pomwe magetsi amayaka kwawo.
Laibulale inagonja kwa benchi la tomato ku Mbare
chigonekereni mayi ake m'chipatala,
ndipo makombi, awiri popita, awiri pobwera,
amadya phindu dzuwa lisanapendeke.

Izi makina sanazione.
Anangoona utsi, moto ndaupeza ndine.
Koma akanapanda kuloza, bwenzi nditamudutsa pakhonde
monga ndinadutsira Nyengeterai zaka zinayi zapitazo,
amene dzina lake ndinalidziwa atapita kale.

Tadzaza fomu ya chakudya ndi malo ogona.
Cholembera chake chakana, ndamubwereka changa.
Ali pakhomo wacheuka:
"Anakuuzani za ine ndani?"

Ndayang'ana kompyuta,
ndayang'ana jakaranda wa Harare akuyoyoka pawindo.
"Ubwerenso Lachinayi," ndatero.

Tiyi wazizira.
Atsala khumi ndi awiri.