Chifuwa cha Takisi ya Bambo

Chinayambira pa mlatho wa Howrah,
m'mawa wamvula, mabasi atapanikizana ngati mano.
Nditaima, chiwongolero chinanjenjemera m'manja mwanga
ngati munthu wogwidwa malungo,
kalilole wam'kati n'kuyamba kuvina,
wokwera kumbuyo n'kumera nkhope ziwiri.
Pansi penapake: gu.
Kenako zii. Kenako gu, gu.
Ndikaponda moto chimabisala.
Ndikachotsa phazi chimabwerera, ngati mwini ngongole.

Takisiyi ndi yachikasu, ndiponso ndi mkulu wanga.
Bambo anga, a Dhananjoy, anaiyendetsa zaka makumi atatu
mpaka mpando unaloweza msana wawo.
Ine ndimakhala m'dzenje lomwelo, nditatsamira pilo.

Ku Mullick Bazar,
komwe magalimoto akufa amagulitsidwa chiwalochiwalo,
kuli Mokbul, makaniko wa ndevu zonika zofiira,
khutu lake lakumanzere linapuma ntchito kalekale.
Anafunsa akupukuta zala:
Imalira ikangodzuka, kapena ikatentha?
Pokwera chitunda? Pokhota?
Ukaponda kilatchi mawu amasintha?
Ndinayankha zonse, tsiku, ola, ngakhale msewu wake.
Anandiyang'ana nthawi yaitali.
Shefali, anatero, iwe umamvetsera mopitirira.

Sindinamuuze chifukwa.
Miyezi isanu ndi umodzi bambo ankatsokomola kuseri kwa khoma,
khoo, khoo, usiku wonse,
ine ndimvekere ndi utsi wam'tauni, chitha chokha,
n'kumakweza wailesi.
Tsiku lomwe adokotala anaika chitsulo chozizira pachifuwa chawo
panalibenso chomangitsa.

Mokbul anatukula boneti.
Tiyi wake, wam'kakapu kadothi, anamukhazika paphiko la galimoto
n'kuwerama, kuwerenga timafunde.
Kenako sikuludiraiva yaitali:
nsonga pa injini, chigwiriro pafupa lansagwada,
maso tsinzi.
Amamva ndi fupa munthuyu.
Anayenda nayo pang'onopang'ono,
pamutu, m'nthiti, kunsi komwe oyilo amagona.
Anamasula timapaipi ta dizilo kamodzikamodzi,
injini n'kumatsimphina mofanana kanayi konse.
Onse anayi akugwira ntchito, anatero, palibe waulesi.
Anadina lamba wa fani ndi chala chachikulu.
Anagwedeza ekizozi, manja atakulunga chiguduli.
Ine mtima uli m'mwamba,
ndikuwerengera marupi omwe ndinalibe,
ndikudikira mawu aja amanenedwa motsitsa.

Zimitsa.

Analowetsa chitsulo pansi pa injini, n'kukanikiza.
Chinthu cholemera chija chinanyamuka mbali imodzi
mosavuta, ngati chivundikiro.
Bwera uone.
Labala wakuda, wosaposa nkhonya yanga,
wong'aluka pakati, wofewa ndi oyilo wazaka.
Mtima uli bwino, anatero.
Chatha ndi chokhalira.
Yakhala ikugogoda chitsulo pachitsulo
kupempha mkeka.

Ndinaseka, kuseka kuja kunatulukira m'maso.
Mnyamata wake anathamanga kukagula labala,
anabwera ndi wolakwika, anathamanganso.
Dzuwa linapendekera kuseri kwa milu ya matayala.
Msikiti unaitana, Mokbul anapita, anabwerako,
mabawuti anayi anamangidwa.

Nditaliza, tiyi m'kakapu anangoti phee.

Koma pansi pa bata limenelo
kanalipo kena, kakang'ono, kosatopa:
tye tye tye tye,
ngati wotchi yoiwalidwa m'thumba la jekete.
Nanga aka?

Matapeti, anatero, osatembenuka n'komwe.
Ntchito ya mphindi khumi.
Bambo ako ndinawauza kasanu, kasanu konse anakana.
Ankati usiku, pobwerera opanda wokwera,
n'kokhako kamene kankawayankhula.
Ndikonze?

Ndinayang'ana sipanala m'dzanja lake.
Ndinafunsa ngati kangaphe injini.
Anati ayi, osati chaka chino,
koma uzibwera nako ndizikamva.

Ndinalipira labala yekha.
Pamlatho magetsi anali atayaka, mtsinje uli bii,
mayi wina wonyamula maluwa anakweza dzanja, ndinaima.
Atakhazikika anati, mwanawe, tsegula wailesi.
Ndinati pepani, inafa.
Ndinanama.