Mizere Iwiri ku Moatize

Pa mjigo wa kumunsi kwa njanji
mizere inali iwiri.
Palibe anailamula, inangomera yokha ngati nansongole:
kumanja eni dera, Anyungwe,
kumanzere ife otsika ku Angoniya
ndi matumba a kachewere ndi lilime lathu.

Ferizarda ankanditchula "wa kumapiri."
Dzina limene ndinkamutchula ine sindingalibwereze pano.
Zaka zinayi osapatsana moni,
ndowa zathu zokha zinkagundana.

Amuna awo ankati talanda ntchito za kumgodi.
Amuna athu ankati nthaka anagulitsa okha.
Madzulo onsewo ankamwera malo amodzi,
atafulatirana.

Ndiye kunabwera chifuwa chija.
Kuchipatala, usiku, benchi inali imodzi yokha.
Zeferino wake akutsokomola m'Chinyungwe,
Tereziya wanga akutsokomola m'Chichewa,
namwino wa ku Beira n'kutifunsa m'Chipwitikizi
kuti wa ndani ndi uti.

Ferizarda anati: pfumbi.
Ine ndinati: fumbi.
Tinayang'anana.
Kampweya kamodzi pamlomo,
ndiko tinkadanirana zaka zonsezi?

Lachiwiri tinachapa, mizere yonse iwiri,
matewera, malaya a sukulu,
ngakhale nsalu yoyera ya paguwa la kutchalitchi.
Tinayanika tsiku limodzi lokha
mphepo ikuchokera ku malasha.
Lachitatu tinazisenza zili bii
mpaka pakhonde la ofesi ya boma.

Mlonda anafunsa:
mtsogoleri wanu ndani, ndipo ndinu a mtundu wanji?
Nasibeko, amene samva khutu limodzi,
anatambasula thewera pamaso pake
nati: werengani apa.

Ndisaname, fumbi silinathe.
Anatumiza galimoto yowaza madzi mumsewu,
inayenda milungu itatu n'kufa.
Mlamu wanga sandilankhulabe,
akuti ndikudya ndi adani.
Pa msonkhano wa Loweruka timakanganabe
kuti pemphero liyambe m'chinenero cha ndani,
ndipo Ferizarda sanasiye kuseka
mmene ndimamangira duku.

Koma dzulo mutu unandigoneka mpaka dzuwa litakwera.
Nditafika pa mjigo
ndowa imene ndinasiya pamzere usiku
ndinaipeza yodzaza kale,
ili pakati,
pamene udzu unkamera chifukwa panalibe wopondapo,
masamba a mango akuyandama pamwamba
kuti madzi asatayike panjira.

Ndinafunsa kuti ndani.
Kumanja anati sakudziwa.
Kumanzere anati sakudziwa.
Ndinasenza.